A Balard ndi Madzi Onunkha

Mu Kanyama, mu Chawama ndi mu George, amai amaika klorini m'madzi akumwa. Klorini imapha tizilombo tobweretsa kolera. Mu mcere wogula pa kantemba muli ayodini. Ayodini imateteza anthu ku cithokomiro. Klorini ndi ayodini zili ndi m'bale wake. Dzina lake ndi bromini. Munthu amene anadziwitsa dziko za bromini ndi a Antoine Balard.

A Balard anabadwa mu 1802 mumzinda wa Montpellier, ku France. Makolo ao anali osauka. Mai wina wacifundo ndiye anawathandiza kupita kusukulu. Atakula, anaphunzira nchito yopanga mankhwala.

Pafupi ndi kwao panali nyanja ya madzi amcere. Anthu anali kuumitsa madzi ake padzuwa kuti apeze mcere. Akacotsa mcere, panali kutsala madzi owawa maningi. Anthu anali kuwaona ngati opanda nchito. Koma a Balard anatunga madziwo ndi kupita nao kumalo kwao kwa nchito.

Kumeneko anaikamo klorini. Madzi aja anasintha mtundu, anakhala ngati lalanje. A Balard anadabwa. Anayesa mobwerezabwereza mpaka anapeza timadzi tofiira, tolemera, tonunkha koopsa. Kodi tinali klorini yosakaniza ndi ayodini? Anayesa kutigawa pawiri, koma sitinagawike. Cinali cinthu catsopano! Mu 1826 anauza anthu zimene anapeza. Apa n'kuti ali mnyamata cabe. Dzina lakuti bromini linacokera ku liu la Cigiriki lotanthauza kununkha.

Ku Germany kunali katswiri wina, a Justus von Liebig. Iwo analandirapo botolo la timadzi tomweto. Sanatiyese bwino. Anangoganiza kuti ni klorini yosakaniza ndi ayodini, basi n'kusunga botolo. Atamva za a Balard, anazindikira kuti analakwitsa.

Mu 1869, a Dmitri Mendeleev a ku Russia analemba tchati ca zinthu zimene zimapanga zonse za m'dziko. Zinthu zofanana anaziika mumzere umodzi, monga banja. Manje pa tchati cimeneci bromini ili pa nambala 35. Pamwamba pake pali klorini, nambala 17. Pansi pake pali ayodini, nambala 53. Pamwamba pa zonse pali fulorini, imene imaikidwa m'mankhwala otsukira mano. Banja limeneli limachedwa mahalojeni. Dzinali limatanthauza zopanga mcere.

Bromini ni yoopsa. Imaocha khungu, ndipo fungo lake limapweteka m'cifuwa. Koma akatswiri amaigwiritsa nchito popanga mankhwala ndi zinthu zoletsa moto.

Pambuyo pake a Balard anakhala mphunzitsi ku Paris. Anapatsa malo a nchito mnyamata wina, Louis Pasteur. Mnyamatayu ndiye anadzaonetsa kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timabweretsa matenda. A Balard anamwalira mu 1876.

Yankhani mafunso awa:
1. Kodi a Balard anabadwira kuti?
2. Kodi anaika ciani m'madzi owawa?
3. N'cifukwa ciani a Liebig sanapeze bromini?
4. Pa tchati, n'ciani cili pamwamba pa bromini? Nanga pansi pake?
5. Kodi kwanu klorini mumaigwiritsa nchito yanji?