Alec Issigonis: yemwe adalephera masamu katatu koma n'kupanga Mini

Anthu ambiri amamukumbukira Alec Issigonis chifukwa cha Mini, kagalimoto kamene kadatuluka m'chaka cha 1959. Koma nzeru zomwe zidabala Mini adaziphunzira zaka zoposa 20 m'mbuyomo, pamene iye ndi mnzake George Dowson ankathera nthawi yawo yopuma akupanga pamanja galimoto yamjaha ya munthu mmodzi. Ntchitoyo idayamba cha mu 1933 ndipo idatha mu 1938.

Issigonis adabadwa pa 18 November 1906 mumzinda wa Smyrna, womwe lero umatchedwa Izmir, m'dziko la Turkey. Bambo ake, Constantine, adali Mgiriki wokhala ndi unzika wa Britain ndipo ankayendetsa bizinesi ya zauinjiniya. Mayi ake, Hulda Prokopp, adali a m'banja lochokera ku Germany. Banjali lidali lopeza bwino kufikira September 1922, pamene nkhondo ya pakati pa Greece ndi Turkey idafika mumzindawo. Asilikali apamadzi a Britain adawasamutsira ku Malta, chuma chawo chidatsala komweko, ndipo bambo akewo adamwalira asadapondeko ku England. Mnyamatayu adafika ku London ndi mayi ake okha mu 1923, ndipo awiriwa adakhala nyumba imodzi mpaka mayiwo atamwalira mu 1972. Iye sadakwatire.

Ku Battersea Polytechnic, komwe adaphunzira zauinjiniya kuyambira 1925, dzanja lake lidali lakuthwa pojambula koma masamu adamukanika, moti adalephera mayeso a phunziroli katatu. Adatulukako ndi dipuloma basi. Mpaka ukalamba wake sankawakhulupirira kwenikweni masamu, ndipo zojambula zake zambiri zinkabadwira pa tipepala tomwe wapeza pafupi, n'kusiyira amisiri ena kuti awerengetse.

Atayamba ntchito mu 1928 adalowa m'mipikisano ya galimoto zothamangira kukwera mapiri, akuyendetsa Austin Seven, kagalimoto kotchipa komwe achinyamata ambiri a ku Britain ankakasula ndi kukakonzanso momwe afunira. Adayisintha galimotoyo uku ndi uku mpaka adaona kuti kuzigamba kwafika pothera. Apa m'pamene adaganiza zopanga yakeyake kuyambira pansi, yomwe adaitcha Lightweight Special.

Ndalama zogulira makina adalibe. Bowo lililonse la pagalimotoyo adaliboola ndi chiboolero chopukusa pamanja, ndipo timisomali tonse tolumikizira malata adatikhoma kamodzikamodzi. Galimoto za nthawiyo zinkakhala ndi chimango cholemera chachitsulo pansi, thupi n'kuikidwa pamwamba pake. Issigonis adachikana chimangocho. Adatenga matabwa opyapyala a pulayiwudi, n'kuwakuta ndi malata a aluminiyamu mbali zonse ziwiri, kotero kuti thupilo palokha ndilo linkanyamula zonse. Pamalo pa masipuling'i achitsulo adaikapo mphira, ndipo tayala lililonse linkakwera ndi kutsika palokha osakoka linzake. Paliponse pamene chitsulo chidali chosafunikira ankachiboola kuti chipepuke. Pomaliza, galimoto yonse inkalemera makilogalamu osafika 270.

Injini idali ya Austin Seven, ya 750cc, yokhala ndi chipangizo chokankhira mpweya wambiri mkati kuti mphamvu ichuluke. Pa zitunda za mipikisano monga Prescott ndi Shelsley Walsh, kagalimoto kopangidwa ndi anthu awiri kankalimbana ndi galimoto zochokera m'mafakitale, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha adakaikanso injini ina ya Morris n'kupitiriza kuthamanga nako. Zaka zisanu pa galimoto imodzi n'zambiri, komabe munthu yemwe waboola yekha bowo lililonse amadziwa kulemera kwa kachitsulo kalikonse, ndipo chizolowezi chowerengera sentimita iliyonse sichidamuchokenso.

Pamene ankamanga galimotoyi adagwirako ntchito ku Humber, mumzinda wa Coventry, kenako mu 1936 adalowa kampani ya Morris ku Cowley, pafupi ndi Oxford. Kumeneko adapanga Morris Minor, yomwe idaonetsedwa koyamba ku London mu October 1948. Patatsala nthawi yochepa kuti galimotoyi iyambe kupangidwa, iye adaona kuti ndi yopapatiza. Adalamula amisiri kuti acheke galimoto yoyeserera pakati, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kumatalikitsa zidutswa ziwirizo iye akuyang'ana mpaka maso ake atakhutira. Adawonjezera masentimita 10. Mabampala adali atapangidwa kale, choncho adawadula n'kulumikiza ndi kachitsulo pakati, ndipo mzere wotukuka wa pakati pa boneti ya Minor ndi chipsera cha tsiku limenelo. Mwini kampaniyo, Lord Nuffield, sadaikonde galimotoyo ndipo adaifanizira ndi dzira lophika, koma Minor idadzakhala galimoto yoyamba ya ku Britain kugulidwa kufika pa 1 miliyoni.

Mu 1952, Morris ndi Austin zitaphatikizana kukhala British Motor Corporation, Issigonis adapita ku Alvis, koma mkulu wa kampani yatsopanoyo, Leonard Lord, adamuitananso mu 1955. Chaka chotsatira mkangano wa ngalande ya Suez udachititsa kuti mafuta agalimoto azigulitsidwa moyeza ku Britain, ndipo anthu adayamba kuthamangira tigalimoto ting'onoting'ono ta ku Germany. Lord adafuna galimoto yaing'ono yeniyeni, yonyamula anthu anayi, yotalika mamita atatu okha.

Yankho la Issigonis lidali kulanda malo kwa makina n'kuwapereka kwa anthu. Injini ya 848cc adaiika chopingasa. Giyabokosi adailowetsa kunsi kwa injini, ziwirizi n'kumagwiritsa ntchito oyilo mmodzi, ndipo mphamvu inkapita ku matayala akutsogolo. Matayalawo adali a mainchesi 10, ndipo adawakankhira kumakona enieni a galimoto. Mphira wa pa Lightweight Special udabweranso, ulendo uno mothandizana ndi Alex Moulton. Zotsatira zake, pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a pansi pa galimotoyo adatsalira anthu ndi katundu wawo. Pa 26 August 1959 idatuluka ndi maina awiri, Morris Mini-Minor ndi Austin Seven, pamtengo wosafika mapaundi 500.

Mkuluyu adali wamakani, ndipo makaniwo adali ndi mtengo wake. Sankafuna wailesi m'galimoto, ankakhulupirira kuti mpando wawofuwofu umagonetsa dalaivala, ndipo maganizo a ofufuza zokonda za ogula sankawawerengera. Mini zoyamba zinkalowa madzi mvula ikagwa chifukwa malata apansi adawalumikiza mosemphanitsa. Akatswiri a Ford atagula imodzi n'kuiphwasula adawerengetsa kuti kampaniyo inkaluza pafupifupi mapaundi 30 pa galimoto iliyonse. Yemwe adaphunzira kupanga galimoto imodzi yoti ayendetse yekha sadazolowere kufunsa ngati ena angaikonde kapena ngati ingabweretse phindu.

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemwe adakulira m'kusinthasintha Austin Seven poyamba sadakondwe mnzake John Cooper, wopanga galimoto zamjaha, atafuna kuiwonjezera liwiro Mini. Iye ankaiona ngati galimoto ya banja wamba. Cooper adapeza chilolezo kwa akuluakulu a kampani, Mini Cooper idatuluka mu 1961, ndipo idapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964 ikuyendetsedwa ndi Paddy Hopkirk, mu 1965 ndi Timo Mäkinen, komanso mu 1967 ndi Rauno Aaltonen. Mu 1966 ma Mini atatu adafika patsogolo koma adawachotsa pa nkhani ya nyale zakutsogolo. Kuyambira pamenepo Mini idasanduka chomwe Austin Seven idali pa unyamata wa Issigonis, galimoto yoti munthu agule yakale, aikokere m'galaja, n'kumaikonza kwa zaka.

Ulemu udabwera, mphamvu zikuchoka. Adasankhidwa kulowa m'bungwe la Royal Society mu 1967 ndipo Mfumukazi Elizabeth idamupatsa ulemu wa Sir mu 1969. Koma kampani itaphatikizidwanso kukhala British Leyland mu 1968, mabwana atsopano adamuika pambali, ndipo galimoto ya 9X yomwe adaikonza kuti ilowe m'malo mwa Mini sidapangidwe kuti igulitsidwe. Adapuma pantchito mu 1971 koma adapitiriza kujambula ali kunyumba kwake ku Edgbaston, mumzinda wa Birmingham, akuvutika ndi nthenda ya m'khutu yochititsa chizungulire. Adamwalira pa 2 October 1988 ali ndi zaka 81. Mini idapitirira kupangidwa mpaka October 2000, ndipo pofika tsiku lomaliza ku fakitale ya Longbridge zidali zitapangidwa 5,387,862.