Mbusa wa pa Mbombwe ndi funso la khungu

Anthu ambiri a m'boma la Chiradzulu satchula dzina la Mbombwe, amangoti pa PIM. Zilembo zitatuzi zikuimira Providence Industrial Mission, mishoni imene Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa pamalopo m'chaka cha 1900. Nkhope yawo timaiona pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limawakumbukira. Komabe kawirikawiri timakumbukira mikondo ndi mfuti za 1915, n'kuiwala funso limene linawatsata moyo wawo wonse: kodi munthu wakuda ndi mzungu anaumbidwa ndi dothi limodzi?

A Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871, bambo awo Myao, mayi awo Mmang'anja. M'chaka cha 1892 anayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, munthu amene azungu anzake ankamuda chifukwa chophunzitsa kuti Afirika ndi wa eni ake. Anabatizidwa mu 1893, ndipo mu 1897 a Booth anawatenga kupita nawo ku America. Kumeneko anaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College, koleji ya anthu akuda mumzinda wa Lynchburg. Anaona zidzukulu za akapolo zili ndi mipingo, sukulu ndi nyuzipepala zawozawo, koma zikusalidwa ndi lamulo chifukwa cha khungu.

Tisaiwale kuti masiku amenewo tsankho linali ndi aphunzitsi ake, anthu ophunzira amene ankayeza zigaza ndi mphuno n'kumalemba kuti mitundu ya anthu ili ngati makwerero, mzungu pamwamba. Mu 1906 mnyamata wina wa ku Congo, Ota Benga, anamuika m'nyumba ya anyani ku Bronx Zoo mu New York kuti anthu azimuonerera. Abusa akuda ndiwo anadzudzula mchitidwewo kufikira anamutulutsa. Mu 1910 anamutengera ku Lynchburg komweko, m'manja mwa anthu a koleji yomwe ija. Anadzipha mu 1916.

Atabwerera kwawo mothandizidwa ndi National Baptist Convention, a Chilembwe anayankha funsolo ndi ntchito. Anatsegula sukulu, analima thonje ndi khofi, ndipo Landon Cheek ndi Emma DeLany, amishonale akuda ochokera ku America, anabwera kudzawathandiza. Amayi ankaphunzira kusoka. Mbusayo ankafuna akhristu ake azivala mwaukhondo, nsapato ndi chipewa, m'dziko limene munthu wakuda ankakakamizidwa kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Mu 1913 anamaliza tchalitchi lalikulu la njerwa.

Chapafupi, ku Magomero, kunali minda ya A. L. Bruce, kumene woyang'anira wake William Jervis Livingstone ankagwiritsa anthu thangata, makamaka Alomwe obwera kuchokera ku Mozambique, ndi kutentha nyumba zopemphereramo za anthu a PIM. Njala inagwa. Mbusayo anali ndi ngongole, akudwala mphumu, maso akuchita chidima. Nkhondo ya 1914 itafika ku Karonga, analemba kalata ku Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi a kuno ayenera kufera nkhondo ya eni chuma. Pa 23 Januwale 1915 anthu awo anaukira. Azungu atatu anaphedwa, Livingstone anadulidwa mutu, koma amayi ndi ana sanawapweteke. Ife abusa sitingabise kuti mutu umenewo unaonetsedwa pa mapemphero a Lamulungu lotsatira, ndipo zimenezi zimatilemera mumtima ngakhale tikudziwa nkhanza zimene zinabala mkwiyowo. A Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, otsatira awo ambiri ananyongedwa, ndipo asilikali a boma anagwetsa tchalitchi lija.

Yankho la funso la mbusayo lili m'chiphunzitso cha Machitidwe 17:26 chakuti mitundu yonse ili ndi chiyambi chimodzi. Umboni wa sayansi unabwera iwo atagona kale. M'maselo a thupi lathu muli DNA, m'mene mwalembedwa malangizo otchedwa majini (tisawasokoneze ndi mizimu ija imene ena amaitchula ndi dzina lomwelo). Ntchito yowerenga DNA ya munthu itatha mu 2003, zinatsimikizika kuti anthu awiri alionse amafanana pafupifupi magawo 99.9 pa 100 alionse. Nanga kusiyana kumene maso amaona kumachokera kuti? Mbali ina yaikulu imachokera pa kayendetsedwe ka majiniwo. Tiyerekeze ndi nyali ziwiri za galasi zofanana, mafuta amodzimodzi, koma ina chingwe chakwezedwa, ina chatsitsidwa. Pafupi ndi jini pamakhala tizigawo ta DNA tolamula kuti igwire ntchito liti, m'chiwalo chiti, ndiponso mochuluka bwanji.

Khungu lenilenilo likutiphunzitsa zimenezi. Maselo opanga melanin, chinthu chodetsa khungu ndi kuliteteza ku dzuwa, ndi ochuluka pafupifupi mofanana mwa wakuda ndi mwa mzungu. Chosiyana ndi kuchuluka ndi mtundu wa melanin amene maselowo amapanga. Kafukufuku wa gulu la Sarah Tishkoff wa mu 2017, wochitika ku Ethiopia, Tanzania ndi Botswana, anapeza kuti zambiri mwa zosintha zokhudza khungu zili m'tizigawo tolamula tija, ndi kuti zina zoyeretsa khungu zinayambira mu Afirika muno kalekale.

Mkaka nawonso uli ndi nkhani yake. Mwana aliyense amabadwa ndi jini yogaya shuga wa mumkaka, koma mwa anthu ambiri imazima akakula, n'chifukwa chake ena a ife m'mimba mumabwadamuka tikamwa mkaka wosawasa. Mwa anthu oweta ng'ombe a ku Kenya ndi Tanzania imakhalabe yoyaka, monganso mwa azungu ambiri a kumpoto kwa Ulaya, ngakhale kusintha kwake kunachitika padera, pa malo osiyana a kachigawo kamodzimodzi. Ndipo ambiri a ife akuda tili ndi jini ya Duffy yozima m'maselo ofiira a magazi, zimene zimatchinga kwambiri malungo a mtundu wa vivax. Makwerero aja sanapezeke. Chimene chinapezeka n'chakuti Afirika ndiye ali ndi kusiyanasiyana kwa majini kochuluka kuposa dera lina lililonse, pakuti anthu onse anachokera kuno.

Mishoni ya pa Mbombwe inakhala yotseka zaka khumi ndi chimodzi. Amene anadzaitsegulanso mu 1926 anali Daniel Malekebu, mwana wa sukulu yomweyo, amene anatsatira Emma DeLany ku America n'kubwerako ali dokotala wophunzira pa Meharry Medical College.