Maynard Jackson, Meya Woyamba Wakuda wa Mzinda wa Atlanta

Maynard Jackson anabadwa m'chaka cha 1938 ku Dallas, m'dziko la Amereka, koma anakulira ku Atlanta kumene bambo ake anali mbusa wa mpingo wa Baptist. Anali mwana wanzeru zodabwitsa: analowa koleji ya Morehouse ali ndi zaka 14, ndipo pambuyo pake anaphunzira zamalamulo.

M'chaka cha 1973 anthu anamusankha kukhala meya wa Atlanta ali ndi zaka 35. Atalowa mu ofesi anapeza kuti ngakhale theka la anthu a mumzindawo linali la akuda, ndalama za makontirakiti a mzinda zimene zinkapita ku makampani a akuda sizinkakwana ndi dola imodzi yomwe pa madola 100 aliwonse.

Mwayi wake unali nyumba yatsopano ya pa bwalo la ndege imene mzinda unafuna kumanga. Jackson analamula kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a ntchitoyo lipatsidwe kwa makampani a akuda ndi a mafuko ena ochepa. Azungu a bizinesi anakwiya nati akudawo sadziwa ntchito, koma iye anaumirira kuti ntchito isayambe kufikira atavomera. Anagonja. Nyumbayo anaitsegula mu 1980 pa nthawi yake, ndipo akuda angapo analemera nayo, nalemba anzawo ntchito.

Koma chumacho sichinatsikire kwenikweni kwa amphawi a m'makomboni. Zimenezi zinaonekera poyera mu 1977 pamene anthu otola zinyalala, ambiri a iwo akuda amene anamuvotera, ananyanyala ntchito pofuna kuti malipiro akwere ndi masenti 50 pa ola. Jackson anati mzinda ulibe ndalama, nachotsa ntchito anthu oposa 900. Ngakhale bambo ake a Martin Luther King anakhala kumbali ya meyayo. Ambiri anawalembanso pambuyo pake, koma malipiro amene ankalirira sanawapeze pa nthawiyo. Kunena zoona, kupatsa kontirakiti munthu amene ali kale ndi kampani nkosavuta kusiyana ndi kukweza mtola zinyalala.

Anatsika pampando mu 1982, nabwereranso mu 1990, chaka chimene Atlanta anasankhidwa kuchititsa masewera a Olimpiki a 1996. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 23 June 2003, ndipo chaka chomwecho dzina lake analiwonjezera pa bwalo lija, nalitcha Hartsfield-Jackson.