MALEMU OUSMANE SEMBÈNE: MWANA WA MSODZI AMENE ANAIKA CINENERO CA KWAO M'KANEMA

Akulu-akulu a m'boma la Lundazi, kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila, akali kukumbukira masiku aja pamene galimoto ya a Information inali kufika madzulo pa bwalo la sukulu, nikunga nsalu yoyera, niliza injini yake, ndipo midzi yonse yozungulira inali kusonkhana kudzapenya kanema. M'nthawi ya atsamunda zambiri mwa zithunzi zimenezi zinali kucokera ku Central African Film Unit, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1948 ndipo likulu lake linali ku Salisbury, kumene tsopano kuchedwa Harare. Anthu akuda anali kuoneka ndithu pa nsalupo, koma wosankha nkhani ndi wolamulira nchito yonse anali mzungu.

M'zaka zomwezo mnyamata wina wa ku Senegal anali kusenza matumba pa doko la Marseille ku France. Dzina lake linali Ousmane Sembène, munthu amene pambuyo pake anadziwika monga tate wa kanema wa mu Afirika.

A Sembène anabadwa mu Januwale 1923 m'tauni ya Ziguinchor, m'cigawo ca Casamance kumwera kwa Senegal, dziko limene pa nthawiyo linali m'manja mwa Afalansa. Atate ao anali msodzi. Sukulu sanapite nayo patali, pakuti anawacotsa mu 1936 atakangana ndi mphunzitsi wamkulu. Anayesa nchito ya atate ao, koma mafunde a panyanja anali kuwadwalitsa, motero mu 1938 anapita ku Dakar kumene anagwirako nchito za manja monga yomanga nyumba ndi ya umakanika. Mu 1944, Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse iri mkati, analembedwa usilikari m'gulu la asilikari akuda omenyera nkhondo dziko la France.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nkhondo itatha a Sembène anabisala m'sitima yapamadzi nafika ku France, ndipo anakhala zaka pafupi-fupi khumi akunyamula katundu pa doko la Marseille. Kumeneko analowa m'bungwe la anchito la CGT, ndipo m'nyumba ya mabuku ya bungwelo ndimo m'mene anadziphunzitsa okha zimene sukulu inawamana. Atathyoka msana pa nchito mu 1951 anapeza mpata wambiri wowerenga ndi kulemba. Buku lao loyamba, Le Docker noir, lonena za munthu wakuda wa pa doko, linasindikizidwa mu 1956. Mu 1960 anatulutsa buku lao lochuka koposa, Les Bouts de bois de Dieu, lofotokoza sitalaka ya anchito a njanji ya pakati pa Dakar ndi Bamako imene inacitika mu 1947 ndi 1948.

Munthu wina akadakhutira ndi ulemu umenewu. Koma atabwerera kwao dziko la Senegal litalandira ufulu mu 1960, a Sembène anaona cinthu cimene cinawavuta mumtima. Mabuku ao anali m'Cifalansa, pamene asodzi, alimi ndi amai a pamsika amene iwo anali kulemba nkhani zao sanali kudziwa kuwerenga cinenero cimeneci. Wolemba anali kulankhula za anthu ake, koma anthu akewo sanali kumumva. Apa ndi pamene anaganiza za kanema, pakuti cithunzi cimalankhula ndi wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Kwa iwo kanema anali ngati sukulu ya madzulo ya anthu wamba. Ali ndi zaka pafupi-fupi 40 anapita ku Moscow mu 1962 kukaphunzira kapangidwe ka mafilimu ku Gorky Studios pansi pa katswiri wochedwa Mark Donskoy.

Kuyamba nchito imeneyi sikunali kwapafupi. Lamulo la Afalansa la mu 1934 linali kuletsa kujambula kanema m'maiko ao a mu Afirika popanda cilolezo ca boma, ndipo cifukwa ca ici pofika pa ufulu Aafirika odziwa nchitoyi anali owerengeka. Makina anali osowa, ndipo filimu yojambulidwa ku Dakar inali kutumizidwa ku France kuti akaitsuke.

Filimu yao ya mu 1963, Borom Sarret, ndi ya mphindi ngati 20 cabe. Ikuonetsa tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo ya kavalo mu Dakar. Anyamula anthu ena osalipira, anyamula bambo wina wopita kumanda ndi mtembo wa khanda, ndipo potsiriza munthu wovala bwino amnyengerera kulowa ku mayadi kumene ngolo siziloledwa. Wapolisi amlanda ngoloyo, ndipo abwerera kunyumba cimanja-manja. Wopenya azindikira yekha kuti mbendera inasintha, koma malire a pakati pa mayadi ndi komboni sanasunthe.

Mu 1966 anatulutsa La Noire de..., nkhani ya Diouana, mtsikana amene anatengedwa ndi mabwana ake acizungu kupita ku Antibes ku France. Iye anali kuyembekeza kukalera ana ndi kuona dziko, koma anangotsekeredwa m'nyumba nakhala wophika ndi wocapa wosawerengedwa ngati munthu, kufikira anadzipha. Filimuyi inalandira mphotho ya Jean Vigo ku France, ndipo ambiri aiwerengera monga filimu yaitali yoyamba ya munthu wakuda wa kumwera kwa Sahara kudziwika pa dziko lonse.

Koma nchito imene inakwaniritsa colinga cao ndi Mandabi ya mu 1968, pakuti m'menemo anthu analankhula Ciwolofu, cinenero ca anthu ambiri a ku Senegal. Dzinalo litanthauza cikalata ca ndalama ca ku positi. Nkhani yake si yacilendo kwa anthu a ku Lundazi amene anakhalapo akuyembekeza ndalama zocokera kwa ana ao a ku migodi ya ku Copperbelt, ku Wankie kapena ku Joni. Bambo Ibrahima Dieng, a akazi awiri ndi ana asanu ndi awiri, osagwira nchito, alandira cikalata ca mafalanki 25,000 kucokera kwa mphwao wosesa miseu ku Paris. Mwa ndalamazo zao ndi 2,000 zokha, 3,000 ndi za mai wa mnyamatayo, ndipo zotsalazo ndi zosunga. Koma mbiri ya cikalata ifika kwa anansi ndalama zisanaoneke, ndipo obwereka ndi oitanitsa ngongole adzaza pakhomo.

Ku positi awauza kuti sangalandire kanthu popanda citupa. Kuti apeze citupa afunika cikalata ca kubadwa ndi zithunzi, koma iwo sadziwa tsiku leni-leni limene anabadwa. Ayenda ofesi ndi ofesi, aliyense akuwadyera kangacepe, mpaka munthu wina wophunzira wa suti amene anamkhulupirira atenga ndalamazo nanena kuti zabedwa. Openya amaseka kwambiri poyamba, koma kumapeto kuseka kumatha, cifukwa aona kuti munthu woona mtima wasanduka mlendo m'dziko lake lomwe pa mlandu wosadziwa kuwerenga cinenero ca m'maofesi.

Kucokera pamenepo a Sembène sanaope munthu. Emitaï ya mu 1971, ya m'cinenero ca Ajola a ku Casamance, ionetsa amai akubisa mpunga umene asilikari a Afalansa anali kufuna kulanda m'nthawi ya nkhondo. Xala ya mu 1975 inatembenukira kwa olemera atsopano akuda. Mwini malonda wochedwa El Hadji Abdou Kader Bèye akwatira mkazi wacitatu ndi phwando lalikuru, koma usiku womwewo apeza kuti mphamvu ya umuna yamthera. Galimoto yake ya Mercedes itsukidwa ndi madzi a m'mabotolo ocokera ku Ulaya pamene opempha-pempha apirikitsidwa pa mseu. Kufooka kwa munthuyo ndi fanizo la atsogoleri amene analowa m'mipando ya atsamunda koma osatha kubalira dziko kanthu. Boma la Senegal linadula mbali zina za filimuyi. Ceddo ya mu 1977, yonena za anthu okana kusiya miyambo yao pamene Cisilamu, Cikristu ndi malonda a akapolo zinali kulowa m'dziko, inaletsedwa kwa zaka zingapo m'ulamuliro wa Pulezidenti Léopold Senghor. Cifukwa cimene boma linapereka cinali cakuti dzinalo liyenera kulembedwa ndi d mmodzi, ndipo a Sembène anakana kulisintha.

Mu 1988, mothandizana ndi Thierno Faty Sow, anapanga Camp de Thiaroye. Iyi ndi nkhani yoona ya asilikari akuda obwerera ku nkhondo amene anaomberedwa ndi gulu la nkhondo la France pa 1 Disembala 1944, pafupi ndi Dakar, cifukwa cofunsa malipiro ao. Filimuyi inalandira mphotho yapadera ya oweruza ku Venice, koma ku France inatha zaka khumi osaonetsedwa m'nyumba za kanema. Guelwaar ya mu 1992 isimba za mtembo wa Mkatolika umene unaikidwa molakwa m'manda a Asilamu, ndipo ifunsa ngati dziko lodalira cakudya ca mphatso lingakhale ndi ulemu.

Wofuna kumva kukoma kwa mafilimu amenewa ayenera kuwapenya mofatsa. Mulibe kuthamangitsana kwa magalimoto kapena nkhonya za akaubo. A Sembène anali kusimba ngati nkhalamba ya pa bwalo, mosafulumira, akuika tanthauzo m'tinthu ting'ono-ting'ono monga cikwama ca ndalama, nsapato kapena mbale ya mpunga. Kawiri-kawiri anali kugwiritsa nchito anthu wamba amene sanasewerepo m'kanema. Olimba mtima m'nkhani zao nthawi zambiri ndi amai. Ndiponso sanali kukonda kumaliza mlandu okha, koma anali kuusiya m'manja mwa openya, ndipo iwo eni anali kuyenda ndi mafilimu ao m'midzi kuti akambirane ndi anthu kanema itatha.

Filimu yao yotsiriza, Moolaadé, inajambulidwa m'mudzi wa Djerisso ku Burkina Faso ndipo inatuluka mu 2004, iwo ali ndi zaka 81. Mai wochedwa Collé alandira atsikana anai othawa mwambo wa mdulidwe wa akazi, namanga cingwe pa khomo la mpanda wake monga cizindikiro ca citetezo cimene munthu sangacilumphe. Amuna alanda mawailesi a amai nawatentha, ndipo Collé akwapulidwa pa bwalo, koma sagonja. Apa a Sembène anaonetsa kuti mwambo woipa ungagonjetsedwe ndi mwambo wina wabwino wa anthu omwewo. Filimuyi inapambana mphotho ya Un Certain Regard ku Cannes.

A Sembène, amene kaliwo sanali kucoka pakamwa pao, anamwalira pa 9 Juni 2007 kunyumba kwao ku Yoff, m'mbali mwa nyanja ku Dakar, ali ndi zaka 84. Mu mzinda wa Ouagadougou, kumene kucitikira cikondwerero ca mafilimu a mu Afirika ca FESPACO cimene cinayamba mu 1969, muli cifanizo cao.

Njira imene analambula yafika ndi ku Zambia komwe. Mu 2017 Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anatulutsa I Am Not a Witch, m'mene mumveka Cinyanja pamodzi ndi zinenero zina za m'dziko muno, ndipo mu 2018 filimuyo inalandira mphotho ya BAFTA ku London. Lero makina ojambulira ali m'thumba la mnyamata aliyense wokhala ndi foni, ngakhale ku Lundazi, kumene kuli nkhani zambiri za Citumbuka ndi Cicewa zimene sizinaonekepo pa nsalu yoyera: za mlimi wa thonje pa tsiku la msika, za nkhalamba yofuna reji, za mtsikana wocotsedwa sukulu kuti akwatiwe. Mwana wa msodzi wa ku Ziguinchor anayamba ndi zocepa kuposa zimenezi, ndipo anayamba ali ndi zaka 40.