COLETTE, MWANA WA MMISIRI AMENE ANALETSA ASISITERE KUKHALA NDI CUMA

Mlimi ali yense kuno ku Malambo adziwa kuti banja lopanda munda liitana njala. Koma kale ku Ulaya kunali mai wina amene anauza asisitere kuti ataye minda yao, ndipo nchito yace ikalipo kufikira lero.

Maiyu ndiye Colette. Anabadwa m'caka ca 1381 ku Corbie, m'dziko la France, ndipo atate ace anali mmisiri wa matabwa. Makolo ace atamwalira, iye anagawira amphawi cuma camasiye. Mu 1402 anadzitsekera m'kacipinda pambali pa chalichi, nakhala momwemo zaka zinai ali kupemphera.

Masiku amenewo, gulu la asisitere limene Clare wa ku Assisi anayambitsa linali litasiya mwambo wace woyamba. Clare, amene anamwalira mu 1253, sanafune kuti ana ace akhale ndi cuma ciri conse. Koma mu 1263 Papa Urban IV anawalola kukhala ndi minda ndi ndalama, ndipo nyumba zambiri zinatsata lamulo lofewali.

Mu 1406 Colette anapita ku Nice kukaonana ndi Benedict XIII, mmodzi wa anthu awiri amene anali kulimbirana upapa panthawiyo. Iye anapatsa Colette mphamvu zobwezera mwambo wa Clare. Nchitoyi inayamba mobvuta: ambiri anamkana, ena namnenera ufiti. Komabe sanabwerere m'mbuyo, ndipo mu 1410 anatsegula nyumba yace ku Besançon.

Malamulo ace anali olimba. Asisitere anayenda opanda nsapato, sanadye nyama, sanaturuke kunja kwa mpanda, ndipo anadalira nchito ya manja ao ndi mphatso za anthu. Ngakhale zinali tero, atsikana anabwerabe, ena a iwo ana a mafumu. Mu 1434 mkulu wa gulu la Francis wa ku Assisi anabvomereza malamulowo.

Colette anamwalira pa 6 March 1447 ku Ghent, m'dziko limene tsopano lichedwa Belgium, atakhazikitsa nyumba 17. Papa Pius VII anamuika pa mndandanda wa oyera mu 1807.

Lero ana a Clare apezeka ku Lusaka ndi ku Lilongwe. Mbiri ya Colette itikumbutsa kuti wofuna kukonza gulu ayambe iye mwini kusenza lamulo limene afuna kusenzetsa anzace.