Salman Al-Farisi: mwana wa mfumu amene anasiya moto n'kupeza Mlengi mmodzi

Madzi amene amatuluka m'nyanja yathu ku Mangochi amadutsa ku Malombe ndi ku Liwonde, kenako n'kukafika pa mlatho wa Zalewa, m'malire a boma la Neno. Ena mwa ana athu atsata njira yomweyo. Alipo aphunzitsi ndi anamwino amene ntchito inawatumiza kumeneko, alipo ogulitsa usipa pa Zalewa ndi ku Lisungwi, alipo amene anapeza banja kumapiri kwa Dambe. Boma limeneli, lomwe linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, lili ndi mbiri yaitali ya mamishoni a Chikhristu, monga ya Akatolika ya pa Neno ndi ya a Seventh Day ya ku Matandani, ndipo Asilamu ndi ochepa.

Mwana amene anakulira ku Makanjira kapena ku Nkhotakota, akumva adhana kasanu pa tsiku, akafika kumalo otere amakumana ndi funso limene kwathu sitifunsana: kodi ndi Msilamu chifukwa anabadwira m'banja la Chisilamu, kapena chifukwa akudziwa chimene akukhulupirira? Nayenso mbadwa ya ku Neno imene yalowa Chisilamu imauzidwa kuti yalowa chipembedzo cha Ayao. Onse awiriwa ali ndi m'bale wawo pakati pa Maswahaba a Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam). Dzina lake ndi Salman Al-Farisi (Allah asangalale naye).

Woyang'anira moto

Salman anabadwira m'dziko la Persia, lomwe lero ndi Iran, m'mudzi wa Jayy pafupi ndi mzinda wa Isfahan. Mbiri yake anaifotokoza yekha kwa Abdullah ibn Abbas, ndipo inasungidwa m'buku la Sira la Ibn Ishaq komanso mu Musnad ya Imam Ahmad. Bambo ake anali mfumu ya mudziwo ndiponso mwini minda. Ankamukonda kwambiri moti sankamulola kutuluka pakhomo. Banjali linali la chipembedzo cha Majusi, ndipo Salman anachilimbikira mpaka anapatsidwa udindo woyang'anira moto wa m'kachisi kuti usazime.

Amajusi ankaphunzitsa kuti pali mulungu wa zabwino, Ahura Mazda, ndi mzimu wa zoipa, Ahriman, ndipo awiriwa ali pa nkhondo. Salman asanabadwe, m'dziko lomwelo munabuka munthu wina amene anakulitsa ganizo limeneli. Dzina lake anali Mani, wobadwa m'chaka cha 216 kufupi ndi mzinda wa Ctesiphon, umene Aarabu ankautcha Al-Madain. Anakulira m'kagulu kobatiza kamene kankasakaniza Chiyuda ndi Chikhristu, kenako anayambitsa chipembedzo chakechake, ndipo anafera m'ndende mu ulamuliro wa mfumu Bahram yoyamba.

Mani ankati pachiyambi panali maufumu awiri opanda chiyambi, Kuwala ndi Mdima. Mdima unaukira Kuwala n'kumeza gawo lake. Dziko lapansi ndi thambo zinapangidwa kuchokera ku matupi ndi zikopa za ziwanda zogonjetsedwa, kuti zikhale ngati sefa yolekanitsira kuwala kumene kunamezedwa kuja, ndipo mwezi ndi dzuwa ndi ngalawa zokubwezera kwawo. Adamu ndi Hawa, malinga ndi nthano imeneyi, anaberekedwa ndi ziwanda, ndipo thupi la munthu ndi ndende ya kuwalako. N'chifukwa chake atsogoleri a chipembedzochi sankakwatira, sankadya nyama, ndipo sankalima kapena kukolola, poopa kupweteka kuwala kotsekeredwa m'zomera. Chakudya ankachita kuwabweretsera otsatira wamba. Chiphunzitsochi chinafalikira mpaka ku China ndi kumpoto kwa Africa, komwe Augustine, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa ku Hippo, anachitsatira pafupifupi zaka 9 asanabatizidwe m'chaka cha 387.

Salman sanali wotsatira wa Mani. Tazitchula izi kuti tione dziko limene anakuliramo, dziko lozolowera kuganiza kuti chilengedwe chili ndi eni ake awiri.

Zaka za pakati pa Akhristu

Tsiku lina bambo ake anatanganidwa ndi zomangamanga, choncho anamutuma kumunda. Panjira anadutsa pa tchalitchi cha Akhristu, anamva akupemphera, analowa, ndipo anakhala momwemo mpaka dzuwa kulowa. Kumunda kuja sanafikeko. Atabwerera anawauza bambo ake mosabisa kuti waona chipembedzo choposa chawo. Bambowo anamumanga unyolo m'miyendo. Salman anatumiza uthenga kwa Akhristu aja kuti akadzabwera amalonda a ku Sham amudziwitse, ndipo atafika anadzimasula n'kuthawa nawo. Anasiya minda, ufumu ndi kholo limene linkamukonda.

Ku Sham anafunsa za munthu wodziwa kwambiri chipembedzo, ndipo anamulozera bishopu wina. Anakhala naye n'kumamutumikira, koma anapeza kuti anali wachinyengo. Ankalimbikitsa anthu kupereka zothandizira osauka, iye n'kumazibisa, mpaka anadzaza mitsuko 7 ya golide ndi siliva. Atamwalira, Salman anawaonetsa anthu pomwe panali chumacho.

Apa pali chinthu choti tichione bwino. Salman sanataye chikhulupiriro mwa Mulungu chifukwa cha mtsogoleri mmodzi wakuba. Anakhalabe, ndipo amene analowa m'malo mwa bishopu uja anali munthu wopemphera usana ndi usiku, wosasusukira za m'dziko. Salman anamukonda kwambiri. Ali pafupi kumwalira, anamutumiza kwa mnzake wa ku Mosul. Wa ku Mosul anamutumiza ku Nasibin, ndipo wa ku Nasibin anamutumiza ku Ammuriya, m'dziko limene lero ndi Turkey. Kumeneko Salman anagwira ntchito mpaka anapeza ng'ombe ndi nkhosa zake.

Mphunzitsi wa ku Ammuriya uja ali pafupi kumwalira, anamuuza kuti sakudziwanso wina wotsala pa njira yawo, koma nthawi yayandikira yoti atumizidwe Mneneri pa chipembedzo cha Ibrahim (Alaihi salaam). Mneneriyo adzasamukira kudziko la mitengo ya tende, pakati pa malo awiri a miyala yakuda. Zizindikiro zake ndi zitatu: sadya sadaka, amadya mphatso, ndipo pakati pa mapewa ake pali chidindo cha uneneri.

Kapolo wa m'munda wa tende

Salman anapereka ziweto zake kwa amalonda a fuko la Kalb kuti amutenge kupita ku Arabia. Atafika ku Wadi Al-Qura anamupereka chiwembu n'kumugulitsa ngati kapolo kwa Myuda wina, amenenso anamugulitsa kwa m'bale wake wa fuko la Banu Quraidha ku Yathrib. Mwana wa mfumu uja anasanduka katundu. Koma atangouona mzindawo, ndi mitengo yake ndi miyala yake, anauzindikira.

M'chaka cha 622, ali pamwamba pa mtengo wa tende, anamva munthu akuuza bwana wake kuti anthu asonkhana ku Quba kwa munthu wochokera ku Makka amene akuti ndi Mneneri. Ananjenjemera mpaka anatsala pang'ono kugwa. Atatsika n'kufunsa, bwanayo anamumenya chibakera n'kumulamula kuti abwerere ku ntchito.

Ngakhale anadikira zaka zonsezi, sanathamangire kukhulupirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatenga chakudya chochepa chimene anasunga n'kukachipereka kwa Mtumiki (s.a.w) monga sadaka. Mtumiki anawauza anzake kuti adye, iye osadyako. Tsiku lina anabweretsanso china monga mphatso, ndipo Mtumiki anadya nawo. Kachitatu anamupeza pa maliro ku manda a Baqi, anazungulira kumbuyo kwake, ndipo Mtumiki atazindikira chimene akufuna anatsitsa chofunda chake. Salman anachiona chidindo chija, anachipsompsona akulira, ndipo analowa Chisilamu.

Ukapolo unamulepheretsa kukhala nawo pa nkhondo ya Badr mu 624 ndi ya Uhud mu 625. Mtumiki anamulangiza kuti apangane ndi bwana wake za dipo la ufulu. Mtengo wake unali wolemera: kudzala mitengo ya tende 300 ndi kupereka golide wolemera ma uqiya 40. Maswahaba anasonkha mbande, wina 30, wina 20, wina 10, aliyense monga mwa kupata kwake. Salman ndi anzake anakumba mayenje, Mtumiki anadzala ndi manja ake, ndipo palibe mtengo umene unafa. Golideyo anachokeranso kwa Mtumiki, chibuma chachikulu ngati dzira la nkhuku.

Tikumbukire atsogoleri a Mani aja, amene ankaopa kugwira khasu. Salman anapeza ufulu wake pokumba nthaka ndi kudzala mitengo, Mneneri wa Allah atagwada naye m'dothi. M'Chisilamu nthaka si mtembo wa chiwanda. Ndi cholengedwa cha Allah, amene analenga kuwala ndi mdima womwe, ndipo alibe wopikisana naye.

Mlendo ndi kalumo kakuthwa

M'chaka cha 627 magulu a adani okwana pafupifupi 10,000 anabwera kudzazinga Madina, Asilamu ali pafupifupi 3,000. Salman anapereka nzeru ya kwawo ku Persia, yomwe Aarabu sankaidziwa: kukumba ngalande yaikulu kumbali imene mzindawo unali poyera. Akavalo ambiri a adani analephera kuwoloka, ndipo patapita masabata angapo anabalalika. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pa ntchito yokumbayo Amuhajirina ankati Salman ndi wawo, Answari nawonso ankati ndi wawo, ndipo zalembedwa m'mabuku a Sira kuti Mtumiki anamuwerengera kuti ndi wa kubanja kwake. Zanenedwanso kuti akafunsidwa za mtundu wake ankadzitcha mwana wa Chisilamu. Komabe dzina loti Al-Farisi, kutanthauza Mperezi, silinachotsedwe. Sanasanduke Mwarabu kuti akhale Msilamu.

Mtumiki anamupanga ubale ndi Abu Darda (r.a). Imam Bukhari anasunga nkhani yoti Salman atakamuchezera anapeza mkazi wake atavala zosadzisamalira, chifukwa mwamunayo analibenso chidwi ndi za m'dziko. Chakudya chitabwera Abu Darda anati ali pa swaumu, koma Salman anakana kudya mpaka naye atadya. Usiku anamuletsa kudzuka mpaka chakum'bandakucha, pomwe anaswali limodzi. Kenako anamukumbutsa kuti Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake, chilichonse chili ndi gawo lake loyenera kupatsidwa. Nkhaniyi itafika kwa Mtumiki, anavomereza kuti Salman wanena zoona. Munthu amene anakhala zaka zambiri ndi odzipatula m'dziko ndi amene anaphunzitsa m'bale wake kuti thupi ndi amana yochokera kwa Allah, ndipo banja nalonso ndi ibada.

Mzinda wa Al-Madain unalowa m'manja mwa Asilamu m'chaka cha 637, ndipo mu ukhalifa wa Umar (r.a) Salman anakhala bwanamkubwa wake. Ndi dera lomwe lija Mani anabadwirako, ndipo otsatira ake anali adakalipo. Bwanamkubwayo malipiro ake ankawagawa kwa osauka, iye n'kumadya za madengu amene ankaluka ndi masamba a tende, monga amayi athu amalukira mikeka ya mlaza. Anamwalira chakumapeto kwa ukhalifa wa Uthman (r.a), umene unatha mu 656. Malo a manda ake, kum'mwera chakum'mawa kwa Baghdad, mpaka lero amatchedwa Salman Pak.

Zimene zikutikhudza

Chipembedzo cha Mani chinatha, koma ganizo la eni awiri silinathe, ndipo limalowa ngakhale m'nyumba zathu. Mwana akadwala kapena maukonde akabwera opanda kanthu, ena a ife timayankhula ngati mfiti ili ndi ufumu wakewake umene Allah saufikira. Masana tikuswali, usiku tikukwirira nyanga pakhomo. Kumeneko ndi kuugawa ulamuliro pawiri. Shaitwani ndi cholengedwa, sangachite kanthu popanda chilolezo cha Allah. Wodwala timuwerengere ma dua ndipo timutengere kuchipatala.

Kwa mwana wathu amene ali ku Neno, tisamangomufunsa ngati akupeza nyama ya halal. Timufunsenso ngati angathe kumufotokozera mnzake wa kuntchito chifukwa chimene amati Allah ndi Mmodzi, ndi chimene timakhulupirira za Mneneri Isa (Alaihi salaam) ndi mayi ake Mariam. Ngati sangathe, vuto linayambira kwathu, pomwe tinamuphunzitsa kuloweza osamulola kufunsa. Bambo a Salman anayesa unyolo, ndipo mwana anawathawa. Mwana akabwera ndi mafunso, tikhale naye pansi, kapena tipite naye kwa Shehe wodekha.

Aneba a Chikhristu tiwalemekeze. Salman anakumana ndi mtsogoleri mmodzi wakuba ndi anayi oopa Mulungu, ndipo onsewo ankawafotokoza mwachilungamo. Womaliza wa iwo ndi amene anamulozera njira ya ku Madina.

Pomaliza, m'bale wa ku Neno amene wanena Shahada, kaya ndi Mngoni kaya Mmang'anja, asamve ngati mlendo mu mzikiti chifukwa sadziwa Chiyao. Mwina abale ake amukana monga anakanidwira Salman. Maswahaba sanangomuuza Salman kuti takulandira, anasonkha mbande 300. Ifenso tifunse chimene m'bale watsopanoyo akusowa, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mpamba wa geni, kaya ndi banja loti adye nalo pa tsiku la Eid.

Tikupempha Allah asangalale ndi Salman ndi Maswahaba onse, ateteze ana athu kulikonse kumene ali, ndipo atipatse imani yoidziwa ndi mtima wathu. Ameen.