Jacobus van 't Hoff, mphunzitsi wa kusukulu ya ziweto amene anawerengera mphamvu ya mchere

Mukathira mchere pa nsomba yaiwisi kapena pa tomato wodula, pakapita kanthawi pamatuluka madzi. Ophunzira athu amadziwa kuti imeneyi ndi osmosis: madzi amadutsa pa nembanemba yokuta selo kupita mbali imene kwachuluka mchere kapena shuga. Amene anapeza masamu owerengera mphamvu yokoka madziyi ndi Jacobus Henricus van 't Hoff wa ku Netherlands.

Anabadwira ku Rotterdam pa 30 Ogasiti 1852, ndipo bambo ake anali dokotala. Maphunziro a zaka zitatu ku Delft anawamaliza m'zaka ziwiri, kenako anaphunzira ku Leiden, ku Bonn ndi ku Paris, n'kulandira digiri ya PhD ku Utrecht mu 1874. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 22, analemba kabuku konena kuti manja anayi a atomu ya carbon sakhala ogona ngati chojambula papepala. Amaloza kumakona anayi, ngati mafuwa atatu ndi mphika pamwamba pake, atomuyo ili pakati.

Ntchito inamusowa kwa chaka choposa. Mu 1876 anapeza malo pa sukulu ya madokotala a ziweto ku Utrecht. Chaka chotsatira Hermann Kolbe, katswiri wotchuka wa ku Leipzig, anamunyoza poyera m'magazini ya sayansi, n'kumusandutsa wolota wa kusukulu ya ziweto amene sakonda kafukufuku weniweni. Chipongwecho chinangochititsa kuti ambiri awerenge kabukuko. Mu 1878 van 't Hoff anakhala pulofesa ku yunivesite ya Amsterdam.

Nkhani ya nembanemba anaimva kumeneko kwa mnzake Hugo de Vries, katswiri wa zomera. De Vries anamuuza za Wilhelm Pfeffer, amene anapanga nembanemba yochita kupanga m'timabowo ta kamphika kadothi, n'kuikamo madzi a shuga, n'kuyeza mphamvu imene madzi a kunja ankalowera. Van 't Hoff sanabwereze ntchitoyo. Anatenga manambala a Pfeffer n'kuona zimene mwini wakeyo sanaone: shuga wosungunuka m'madzi ambiri amatsata lamulo lomwelo limene mpweya wotsekeredwa m'botolo umatsata. Tizidutswa tikachuluka kawiri, mphamvunso imachuluka kawiri. Kutentha kukakwera, nayo imakwera.

Koma mchere unakana kumvera. Unkakoka madzi pafupifupi kawiri kuposa zimene masamuwo ankanena. Apa ndi pamene munthuyu amandisangalatsa: sanabise vutolo, analiika m'masamu ake ndi chilembo i, ngakhale chifukwa chake chinali chisanadziwike. Mu 1887 Svante Arrhenius wa ku Sweden anafotokoza kuti mchere ukasungunuka umagawika pawiri, sodium ndi chloride, ndiye tizidutswa timakhala tiwiri m'malo mwa kamodzi. Kuwerengera kotereku n'kumene kumafotokoza chifukwa chake diripi wamba wa kuchipatala amakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi. Madzi okhaokha angatupitse maselo ofiira a magazi mpaka kuphulika, pamene mchere wochuluka ungawafwaphitse.

Ku Amsterdam ntchito yophunzitsa ndi kuchonga mayeso inamuchulukira, aphunzitsi athu akumvetsa, moti mu 1896 anasamukira ku Berlin kumene anamupatsa nthawi yofufuza. Anatha zaka zambiri pa miyala ya mchere ya ku Stassfurt, kufuna kudziwa kuti nyanja ikamaphwa, ndi mchere uti umayamba kutsalira pansi ndipo uti umabwera pambuyo. Amene anaima pa Kachulu mu 1995 kapena mu 2018, nyanja ya Chilwa itathawa, anaona funso lomwelo ndi maso: nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi akauma mchere umatsala.

Mu 1901 anakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya chemistry. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 1 Malichi 1911 ku Steglitz, pafupi ndi Berlin, ali ndi zaka 58.